Mbale Zimene Zinkabwerera Zodzaza

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pasiteshoni ya sitima ku Salima, ndipo chinandipezetsa ndi pakamwa pangapa, pamene amayi ankati padzandipalamulitsa. Nthawi imeneyo njanji inkathera pomwepo, isanapitirire ku Lilongwe. Ndinali nditakhoza mayeso a JC koma malo a Fomu 3 sanapezeke, ndiye ndinkangothandiza azakhali anga kugulitsa zitumbuwa kwa anthu otsika sitima. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, sitima inatsitsa gulu la anyamata ndi atsikana angapo, aliyense ndi bokosi lachitsulo latsopano, dzina lolemba ndi penti yoyera. Anangoima pamenepo ngati nkhuku zachilendo zongomasulidwa kumene. Wina akulira, wina wakhalira bokosi lake kuopa akuba, wina akufunsa wogulitsa nzimbe njira ya kusukulu ya ntchito zamanja.

Ine mtima sunandilole. Ndinasiyira azakhali lichero n'kuwomba m'manja.

"Inu nonse a kusukulu ya kunyanja, bwerani kuno! Mabokosi pansi pa mtengo uwu. Iwe wamtaliwe, sanja. Iwe ukulirawe pukuta maso, pano palibe wamwalira. Lole yanu imayamba yadzera kuchigayo, ibwera."

Ndinawasonyeza mpopi wa madzi, ndinathamangitsa anyamata a pasiteshoni amene ankafuna kuwanyamulira katundu mwachinyengo, mpaka ndinawaimbitsa nyimbo. Ndili pakalikiliki choncho, mayi wina wa magalasi amene anaima pamthunzi anandikodola.

"Iwe mtsikana, ana amenewa ndi ako?"

"Ayi mayi, koma eni ake sakuoneka. Anthu ena sadziwa kusamala ana a anzawo."

"Eni akewo ndine," anatero.

Mayo ine! Ndinasowa koloza nkhope. Koma mayiwo anangoseka mpaka kuvula magalasi. Anati dzina lawo ndi Mayi Gondwe, ndipo akufuna munthu wowathandiza. "Ubwere Lolemba ndi satifiketi yako ndi khadi la chipani. Pakamwa pomwepo ubwere napo." Ndinathamanga ulendo wonse wa kunyumba, nsapato zili m'manja, ndikuuza aliyense wokumana naye ngakhale osandidziwa.

Sukuluyo inali ya boma, ya anthu otsiriza pulayimale kapena JC. Ankaphunzitsa ukalipentala, kumanga nyumba, kusoka, kukonza mainjini a maboti ndi a mathirakitala, ndiponso ulimi, ndiye kuseri kunali khola la nkhuku ndi la nkhumba. Vuto lake linali lakuti ophunzira atsopano ankathawa m'masabata oyambirira. Ukadzuka m'mawa umangopeza bedi lili yekha, mwini wake ali pamsewu wa ku Khombedza akuimitsa malole. N'chifukwa chake anatsegula ofesi yolandira ndi kulangiza ophunzira atsopano, n'kuikamo Mayi Gondwe. Ine ndinali wowathandizira. Ophunzira ambiri anali amsinkhu wanga, ena ondiposa, koma onse ankanditcha achemwali. Ha, kukoma kwake! Ndinkayenda ndi kiyi wa ofesi m'khosi ngati mkanda.

Ofesi yathu inali kachipinda ka kumapeto kwa khonde. Munali mipando iwiri, mkeka, pulayimasi ndi ketulo, bolodi laling'ono, ndi bokosi la mankhwala lokhala ndi asipilini, jivi wa zilonda, mabandeji ndi mapilisi a malungo. Tebulo munalibe. Tsiku loyamba ndinadzipereka kuti ndikapempha limodzi kwa akalipentala, Mayi Gondwe n'kundiletsa. "Tebulo ndi la ahedi," anatero. "Munthu akaona tebulo amayamba kudziteteza."

Masana aliwonse m'masabata oyambawo tinali ndi phunziro lathu, limene tinkalitcha za moyo wa pasukulu. Ndinkaliza belu, lomwe linali chitsulo cha gudumu la lole chopachika pamtengo wa mango, atsopano onse n'kusonkhana m'holo. Tinkawaphunzitsa kumanga neti ya udzudzu ndi kuipisa pansi pa matiresi, kumwa mapilisi a malungo ife tikuona kuti wamezadi, kupewa kusamba m'mabango chifukwa cha likodzo ndi ng'ona, kugawa nthawi yowerenga ndi yochapa, kubweza chida chilichonse pamsomali wake, ndi kulankhula ndi mphunzitsi pamene sunamve. Zinthu zoseketsa zinali zosatha. Mnyamata wina wa ku Dedza anabwera ndi mabulangete awiri ndi juzi yaubweya, ku Salima, mu Okutobala! Wina anayala neti ngati nsalu ya pabedi n'kugona pamwamba pake, m'mawa nkhope ili tutututu. Phunziro la kupukwa kwawo ndilo ndinkalikonda koposa. Mayi Gondwe ankauza aliyense kuti aimirire atchule chinthu chimodzi chimene wachisowa kwawo. Amayamba ndi kuseka, wina n'kutchula galu wake, kenaka holo yonse ili zii, anyamata a ndevu akupukuta maso ndi kolala.

Ina inali ntchito ya munthu mmodzimmodzi, ndipo inali ndi kachitidwe kake. Munthu akalowa, uyambe wayatsa pulayimasi. Usakhale moyang'anizana naye koma cham'mbali. Usafunse kuti chifukwa chiyani, chifukwa funso limenelo ndi la apolisi. Akakhala chete, iwenso khala chete. Pamenepa ndipo pankandivuta ine, mpaka nthawi zina Mayi Gondwe ankandiponda chala. Lamulo lalikulu linali lakuti zimene wophunzira wanena m'chipindamo sizituluka popanda iye mwini kulola. Linanso, limene ahedi anavomereza okha, linali lakuti wophunzira watsopano asachotsedwe sukulu asanadzere mu ofesi yathu.

Tsono mudziwe kuti zinali zaka zotani. Tsiku lotsegulira sukulu, ahedi, bambo Chikopa, analankhula pamaso pa alendo a kuboma ndi atcheyamani a chipani. Anatchula ngodya zinayi zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, kenaka anati: "Pano palibe wa mpingo wakuti kapena wa mtundu wakuti. Chakudya chimene mwapatsidwa, idyani. Wokana chakudya wachita sitalaka, ndipo wa sitalaka ndi woukira." Ana a lero sangamve kulemera kwa liwu limenelo. Munthu akatchedwa woukira, sukulu iliyonse imamutsekera chitseko, ntchito sangaione, ndipo abale ake omwe amayamba kumulambalala. Bambo Chikopa sanali munthu wankhanza ayi. Anali munthu wamantha, monga tinalili tonse.

Kunena zoona, chakudya cha pasukulupo panalibe chochikanira. Wophika wamkulu anali a Lufeyo, bambo wachikulire wochokera kumapiri a ku Ntchisi, amene anali atangoyamba ntchito chaka chomwecho. Ankakonda ana a sukulu ngati ake. Nyemba zawo, abale inu! Zonona, zonunkhira, pamene mafuta ophikira ankasowa mpaka m'masitolo. Kagawidwe kake kanali kotere: aliyense amafika pazenera la khitchini ndi mbale imodzi yachitsulo, wothandizira amaikapo mtanda wa mgaiwa, a Lufeyo n'kuthira nyemba pamwamba pa mtandawo ndi chikho cha mpini wautali. Kubwereza kunali koletsedwa. Zotsala zonse zinkakhuthulidwa m'chidramu cha pakhomo, chopita ku nkhumba.

Pakati pa atsopano chaka chimenecho panali Sayidi, mnyamata wamtali, wofatsa, wa m'mudzi wa asodzi cha kumpoto kwa sukuluyo. Bambo ake ankapha nsomba kuchilumba cha Mbenji pa boti la eni, ndipo injini ikafa ankakhala masabata pagombe kudikira makaniko wochokera kutali. Ndicho anamutumizira mwana kusukulu, ngakhale kuti paboti pankafunika manja ake. Kwawo konse anali woyamba kufika pamenepo. Mphunzitsi wa mainjini ankamutama kuti amamva matenda a injini ndi khutu. Ku ofesi kwathu sanagogodepo. Akandiona ankangoti, "Zikomo achemwali," n'kudutsa.

Tsiku lovutalo linali Lachinayi. Mayi Gondwe anachoka m'mawa pa lole ya sukulu kuperekeza mtsikana wodwala malungo aakulu kuchipatala cha kuboma, ndipo ankayenera kubwera chakumasana dzuwa litapendeka. Ofesi inatsala ndi ine. Ndinali wokondwa zedi, ndinasesa kawiri.

Nthawi ya nkhomaliro ndinamva phokoso m'holo yodyera, kenaka zii. Nditalowa ndinapeza ahedi ataima kumapeto kwa tebulo la pakona. Patebulopo panali mzere wa mbale zodzaza, zosakhudza n'komwe, eni ake atakhala manja ali pamiyendo. Zinadziwika kuti amenewa akhala akuchita zimenezi kwa masabata: amalandira mbale ngati wina aliyense, amakhala mpaka belu, n'kukakhuthula zonse m'chidramu. Ahedi anali atadabwa kumva kuti chidramucho chikudzaza kuposa kale, ndiye anabwera kudzaona okha. Wina mwa ophunzira akale anawonjezera moto. Anati nthawi ya chakudya ikatha, Sayidi amawasonkhanitsa onsewo kuseri kwa shedi ya mainjini, ndipo amanong'onezana.

"Misonkhano!" anakuwa ahedi. "Pasukulu panga pano! Sayidi, imirira. Bwanji simukudya?"

Sayidi anaimirira, maso pansi, ali duu. Anamufunsanso. Duu.

"Chabwino. Kamange katundu wako. Lole ikabwera ukwera, ukafotokoze kuboma kwa anthu odziwa kufunsa."

Ndinawatsatira ahedi mpaka pakhomo pa ofesi yawo. Ndinagwada n'kuwakumbutsa lamulo lija lakuti watsopano sachoka asanadzere kwathu. Anandiyang'ana, thukuta lili kamukamu.

"Esinati, ndiwe mwana. Nkhani iyi ikafika kwa atcheyamani ndisanaipereke ndekha, lole imeneyo idzanyamula ine. Ukumva?"

"Ndamva bwana. Koma lole sinabwere."

Anapuma mozama. "Ikangolowa pageti, nthawi yako yatha."

Ndinamutenga Sayidi n'kulowa naye m'kachipinda kathu. Bokosi lake anali atamanga kale ndi chingwe cha ukonde, analisiya pakhonde. Mtima wanga unkafuna kumugwedeza mapewa kuti, iwe, lankhula, ukufa ukuona! Koma ndinaluma mlomo. Ndinapopa pulayimasi, ndinatereka ketulo, ndinakhala cham'mbali. Ndinali ndi mtedza wokazinga umene azakhali ananditumizira, ndiye ndinauthira m'mbale n'kuuika pamkeka pakati pathu.

Anauyang'ana nthawi yaitali. Kenaka ndinamva akunong'ona kuti, "Bisimillahi," n'kutapa. Anatapanso. Ndiye anayamba kudya ndi manja onse awiri, makoko omwe. Apo m'pamene ndinamuonadi. Mafupa a m'khosi anali atatuluka, ndipo lamba wake anali ataboola bowo latsopano ndi msomali. Wokana chakudya mwamwano sadya choncho. Ameneyu anali ndi njala yeniyeni.

Ndinamuthirira tiyi, shuga wambiri. Funso limene linali pamlomo linali lakuti mumakambirana chiyani kuseri kwa shedi, koma ndinalimeza.

"Sayidi, kuseri kwa shedi kuja mumakadyako chiyani?"

Anadzutsa mutu kundiyang'ana koyamba.

"Usipa, achemwali. Amayi anandiikira wouma m'bokosi. Ndimagawira anzanga pang'onopang'ono. Unatha dzana. Panopa tikudya mango aawisi."

Atatero misozi inayamba, mawu n'kutsatira. Anati sabata yoyamba, tsiku lake lotola nkhuni za kukhitchini, anaona a Lufeyo akutapa mafuta oyera m'chitini n'kuponya mumphika wa nyemba. Atafunsa wothandizira, anamuuza kuti ndi mafuta a nkhumba ija inaphedwa pa phwando lotsegulira sukulu. Kwa iye ndi anzake a Chisilamu zimenezo ndi haramu, zoletsedwa kotheratu. Akanatha kudya mgaiwa wokha, koma nyembazo zimathiridwa pamwamba pa mtanda mbale isanafike m'manja mwako.

"Nanga osangonena bwanji, iwe?" Lamulo la Mayi Gondwe ndinaliiwala pamenepo, ndinali nditapsa mtima. "Masabata onsewa! Ofesi ino tinaitsegulira mbuzi?"

"Ababa anandiuza pagombe tsiku lonyamuka," anayankha motsitsa. "Anati kusukulu ya boma usakanene kuti chipembedzo chako chikukaniza kanthu. Anati waona zimene zawachitikira aja okana makadi." Sanafunike kufotokoza. Tonse tinkadziwa za anthu a mpingo wina amene anakana kugula makadi a chipani, mmene nyumba zawo zinapsera ndi mmene anathawira m'dziko muno. "Ndiye ahedi n'kunenanso kuti pano palibe wa mpingo wakuti. Achemwali, wallahi, musanene. Bola andichotse ndekha ngati wamwano kusiyana n'kuti atitenge tonse pamodzi ndi makolo athu."

Ndinagwira njakata. Ndikanena, ndaswa lamulo lalikulu la ntchito yanga, ndipo palibe wophunzira adzakhalenso pamkeka umenewo. Ndikapanda kunena, mnyamata akukwera lole ndi dzina la woukira. Kumsewu kunkadutsa galimoto, ndipo iliyonse ikalira ndinkayesa kuti ndi lole ija. Ndinayesa kumuuza kuti kukana nkhumba si kukana khadi, kuti dziko lonse likudziwa kuti Asilamu sadya nkhumba. Anangopukusa mutu. Mawu a bambo ake anali olemera kuposa anga.

"Tamvera," ndinatero. "Mawu ako satuluka muno, ndalonjeza. Koma ine ndili ndi miyendo yanga ndi maso anga. Ndikapita kukhitchini n'kukachiona ndekha chitinicho, imeneyo ndi nkhani yanga, si yako. Ukundilola?"

Anakhala chete mpaka ketulo inazizira. Chete ameneyo ndinamupirira, ndipo mpaka lero ndimadzitama naye.

"Dzina langa lisatuluke," anatero. "Pitani."

Ndinauluka. A Lufeyo ndinawapeza akusonkhezera moto pansi pa mphika wa nyemba za madzulo, nkhope ili yakugwa. Mbale zobwerera zija zinkawapweteka mtima, ankaganiza kuti anawo akunyoza kaphikidwe kawo.

"A Lufeyo, tandiphunzitsani," ndinayamba, ndikudziletsa kupuma mwawefuwefu. "Nyemba zanu zimanona bwanji chonchi pamene mafuta kulibe?"

Nkhope yawo inawala pompo. Anasuzumira uku ndi uku, anapita kuseri kwa matumba a ufa, n'kubwera ndi chitini chachikulu chovundikira ndi nsalu yoyera.

"Mwana wanga, wophika wina akanataya. Ine ndinasungunula onse a nkhumba ija, ndimangotapa pang'ono tsiku lililonse. Ana a eni ake azidya nyemba zamadzi ngati akaidi ine ndilipo?"

"Nanga ana a Chisilamu aja?"

"Amenewo ndimawasamala! Tsiku la phwando ndinawaphikira chambo paokha, nyama sanaikhudze. Awa ndi mafuta chabe, si nya..."

Anayang'ana chitini, anayang'ana chidramu cha pakhomo, n'kukhala pansi pa chitsa cha nkhuni.

"Kalanga ine. Mbale zija. Ana aja akhala ndi njala masiku onsewa chifukwa cha ine? Ine n'kumawatukwana mumtima?"

Ndisanaganize chochita, a Lufeyo anadzambatuka, chitini m'manja, epuloni ili m'chiuno, ulendo wa ku ofesi ya ahedi. Bambo wachikulire koma liwiro lake ndinachita kuthamanga pambuyo. Sanagogode. Anaika chitini patebulo, pamwamba pa mapepala.

"Bwana, sitalaka yanu ndi iyi. Ndakhala ndikuthira mafuta a nkhumba m'nyemba, ana a Chisilamu n'kumagona ndi njala. Ngati pali wokwera lole, ndine."

Ahedi anavundukula nsalu, ananunkhiza, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi.

"Nkhumba? Nkhumba basi? Si ndale?"

"Nkhumba basi, bwana."

Anatsamira mpando, anaphimba nkhope ndi manja, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka, ndipo ndikhulupirira kuti iwonso sankadziwa. Atatsitsa manja anati, "Mulungu ngwamkulu." Kenaka anakumbukira kuti ndi ahedi, n'kuyamba kutikalipira tonse awiri. Pomaliza anandifunsa kuti wandiuza ndani.

"Ndachiona ndekha kukhitchini, bwana."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, koma sanafunsenso.

Tili momwemo tinamva hutala pageti. Lole! Ndinasuzumira pazenera, ndipo zimene ndinaona sindidzaziiwala. Sayidi anali atamva hutalayo ali m'kachipinda kathu. Poona kuti sindinabwerere, anadziwa kuti zakanika. Anasenza yekha bokosi lake pamutu, akuyenda mowongoka kulunjika ku lole, ophunzira onse ataima m'makonde akumuyang'ana.

Mwambo wonse ndinausiya mu ofesimo. Ndinatuluka ndikukuwa ngati ndili pasiteshoni.

"Sayidi! Tula bokosilo! Iwe, ndati tula! Sukupita kulikonse!"

Anaima pakati pa bwalo, bokosi likadali pamutu, osamvetsa. A Lufeyo ndiwo anamupeza poyamba. Anavula chipewa chawo choyera pamaso pa sukulu yonse.

"Mwana wanga, ndakulakwira. Njala yonseyi ndine. Sindimadziwa."

Anagwira bokosilo mbali imodzi n'kumutula okha. Sayidi anangogwira manja a bambowo ndi manja ake onse awiri. Mayi Gondwe ankatsika m'lole nthawi yomweyo, fumbi lili mbuu m'tsitsi, akufunsa kuti kwagwanji. Ine ndinkafotokoza zonse nthawi imodzi, kuyambira kumapeto, ndikuseka ndi misozi yomwe.

Lole inatembenukadi, koma inapita kumudzi wapafupi kukatenga ashehe a pamzikiti. Ashehewo anali nkhalamba yaifupi yoseka msanga. Anamva nkhani yonse, anagwira a Lufeyo paphewa n'kunena kuti cholakwa chosadziwa Mulungu amakhululuka. Kenaka anatisonyeza katsukidwe kake: chiwiya chilichonse chitsukidwe kangapo ndi madzi, kamodzi ndi madzi osakaniza dothi. Nyemba za pamoto zija zinapita ku nkhumba. Miphika, yomwe inali madramu odula pakati, inagubuduzidwa kupita pampopi, pamodzi ndi zikho, mithiko ndi mbale za sukulu yonse. Palibe anachita kutumidwa. Akhristu ndi Asilamu onse anapinda malaya, wina anayambitsa nyimbo ya pa ukonde, ndipo bwalo lonse linasanduka matope ndi chiphokoso. Mnyamata uja ananena za misonkhano ndiye ankakwecha mwamphamvu kuposa onse, osadzutsa mutu.

Chakudya cha madzulo chinachedwa. Ine ndi Mayi Gondwe tinaima pakhomo pa holo. Ndinkayembekezera kuti anditama, ndipo ananditamadi, mawu awiri okha: "Wachita bwino." Kenaka analoza chidramu cha zotsala chija.

"Koma taona pamene nkhani inali. Ife tinali m'kachipinda muja kudikira kuti agogode. Amene zamuvuta kwenikweni sagogoda, Esinati."

Kuyambira tsiku limenelo ntchito yathu inasintha. Nthawi ya chakudya mmodzi wa ife ankaima pafupi ndi chidramu kuona mbale zobwerera. Tinkayenderanso zingwe zoyanikira kuona yemwe sakuchapa, ndi bwalo la mpira kuona yemwe wakhala payekha. Watsopano aliyense tinkamufunsa payekha, tsiku loyamba lomwelo, kuti kwanu simudya chiyani. A Lufeyo anayamba kugawa ndiwo pambali pa mtanda, ndipo mbuzi ya sukulu inkazingidwa ndi munthu wa kumzikiti. Ndinagwira ntchito ya ulangizi zaka zambiri pambuyo pake, m'masukulu ena, maofesi ena okhala ndi makapeti. Konseko anzanga ankandiseka kuti mlangizi uyu sakhazikika pampando. Ndinkangowasiya aziseka.

Nyemba za madzulo amenewo zinali zoipa, ndisaname. Zamadzi, zosapsa bwino, mchere wokha. Anyamata a ku Dedza ndi ku Ntcheu ankazitafuna nkhope zili tsinyaa, koma panalibe wolimba mtima kudandaula pa tsiku ngati limenelo. Sayidi anali woyamba pamzere, anzake anachita kumukankhira kutsogolo. A Lufeyo pomuthirira nyemba anamuuza motsitsa.

"Mulibe kanthu umu, mwana wanga. Nyemba zonyansa chonchi sindinaphikepo chibadwire."

Sayidi anakhala patebulo la pakona lomwe lija n'kudya osadzutsa mutu. Anapukuta mbale ndi nsima yotsiriza mpaka inawala. Kenaka anaimirira, mbale m'manja, n'kubwerera pazenera. Holo yonse inasiya kutafuna, chifukwa ahedi anali ataima pomwepo, ndipo aliyense ankadziwa kuti kubwereza n'koletsedwa. Bambo Chikopa anayang'ana mbaleyo, anayang'ana lamba wa mnyamatayo, kenaka anakweza maso n'kuyamba kuyang'anitsitsa malata a denga ngati aona podontha. A Lufeyo anadzaza mbale mpaka msuzi unatayikira pansi.